Masewera Olimbitsa Thupi ndi Maganizo a Achinyamata: Malangizo kwa Makolo ndi Aphunzitsi

Mwana amene zaka ziwiri zapitazo munkachita kumukalipira kuti akhale pansi, lero akaweruka kusukulu amangofikira kuchipinda n'kudzitsekera. Mukamufunsa kanthu amayankha ndi liwu limodzi. Foni imawala m'bulangete mpaka pakati pa usiku, m'mawa amadzuka maso ali psuu, chilichonse chikumunyansa. Makolo ambiri amathamangira kunena kuti ndi ulesi kapena mwano. Ine ndikamva nkhani yotere ndimayamba ndafunsa kuti mwanayu anatuluka thukuta liti komaliza.

Ndimafunsa chifukwa vutoli lafala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo, ndipo nkhawa ndi kuvutika maganizo ndi ena mwa mavuto amene amapezeka kwambiri. Kafukufuku amene akatswiri a bungwe lomweli anatulutsa mu 2019, wokhudza ana asukulu 1.6 miliyoni a zaka 11 mpaka 17 m'mayiko 146, anapeza kuti ana 81 mwa 100 aliwonse sagwiritsa ntchito thupi mokwanira. Mwa atsikana anali 85, mwa anyamata 78. Sikuti mavuto onse a m'maganizo amayamba chifukwa chongokhala, koma kungokhalako ndi mbali imene kholo lingathe kuyamba kukonza lero lomwe.

Munthu akamathamanga, kuvina kapena kupalasa njinga, magazi amayenda mwamphamvu, minofu imene inakungika ndi nkhawa imamasuka, ndipo thupi limatulutsa timadzi totchedwa endorphin timene timachepetsa ululu ndi kupeputsa mtima. Izi ambiri anamvapo. Zimene zimaiwalika ndi tulo. Mwana akatha msinkhu, homoni yoitana tulo yotchedwa melatonin imayamba kutuluka mochedwa kusiyana ndi kale, n'chifukwa chake amakhala maso usiku ngakhale atafuna kugona. Komabe thupi lake limafunika maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Amene watopetsa thupi masana, makamaka panja powala, tulo timamupeza msanga, ndipo mwana wogona bwino sapsa mtima ndi zazing'ono.

Palinso phindu lina kwa mwana wankhawa. Mantha akamugwira, mtima umagunda kwambiri, mpweya umaperewera, m'manja mumachita thukuta, iye n'kumaganiza kuti chinachake choopsa chikumuchitikira. Zimenezi n'zomwenso amamva akathamanga kukwera chitunda. Kusiyana kwake n'koti pothamanga amadziwa chimene chayambitsa, ndipo akaima kwa mphindi zochepa amaona yekha mtima ukubwerera m'malo. Akamaona zimenezi mobwerezabwereza, amaphunzira kuti mtima kugunda si imfa. Tsiku la mayeso manja akayamba kunjenjemera, amakhala atazolowera kudikira kuti zidutse.

Malangizo a WHO a mu 2020 amati ana a zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa ntchito thupi mwapakatikati kapena mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 60 patsiku, tikawerengera mlungu wonse, ndipo masiku osachepera 3 pamlungu azichita zamphamvu kwambiri komanso zolimbitsa minofu ndi mafupa, monga kudumpha chingwe kapena kunjuta. Simufunika chipangizo choyezera. Ngati mwana akutha kulankhula koma sangathe kuimba, akuchita zapakatikati. Ngati akungotulutsa mawu awiri kapena atatu n'kupuma, wafika pa zamphamvu. Mphindi 60 zija siziyenera kuchitika nthawi imodzi. Kuyenda popita kusukulu ndi kusewera pa nthawi yopuma kumawerengedwa.

Koma chonde musayambire pa 60. Mwana amene maganizo amulemera sakhala ndi chilakolako cha chilichonse, ndipo mukadikira kuti afune yekha mudzadikira mpaka kalekale. Chilakolako chimabwera thupi litayamba kale kuyenda. Yambani ndi mphindi 10, pa nthawi yofanana tsiku lililonse, kuti asamachite kuganiza ngati apite kapena ayi. M'malo momuuza kuti, “Pita ukathamange,” muuzeni kuti, “Tandiperekeza, tibwerera pakona apo.” Mukamayenda musamupanikize ndi mafunso. Achinyamata ambiri amamasuka kulankhula akamayenda moyandikana ndi munthu kusiyana n'kukhala moyang'anizana, ndipo mwina pa ulendo wachinayi kapena wachisanu mudzamva zimene zikumudya mumtima, inu musanafunse. Pakatha mlungu wonjezerani mphindi 5. Kenako mulekeni asankhe chimene amakonda, kaya ndi mpira, kusambira kapena kuvina m'chipinda chitseko chili chotseka, ndipo ngati pali mnzake woti azichita naye, ndiye bwino kwambiri, chifukwa mnzako akakudikira panja sukana.

Aphunzitsi, ndikupempheni ndi mtima wonse: musamagwiritse ntchito kuthamanga ngati chilango. Mwana amene mwamuzungulitsa bwalo kasanu chifukwa chochedwa, anzake akumuseka, amaphunzira kuti thukuta ndi manyazi, ndipo ena amadana ndi masewera mpaka kukula. Musaiwalenso ana amene sasankhidwa m'timu. Kawirikawiri amene amatsalira kumbali ndi omwe akufunika masewerawo kuposa onse. Gawani magulu nokha, m'malo mosiyira ana awiri kuti azitchula anzawo mmodzimmodzi mpaka wina atsale yekha.

Atsikana ambiri amasiya masewera akatha msinkhu, ndipo zifukwa zake sazinena poyera. Mawere amapweteka akamadumpha, amaopa kudetsa zovala akakhala kumwezi, anyamata amawayang'anitsitsa. Kamisolo yogwira bwino, zovala zimene iye wamasuka nazo ndi malo otetezeka zimathetsa zambiri mwa izi. Kuyenda kapena kudziwongola pang'onopang'ono kumathandizanso ena kuchepetsa ululu wa msambo. Ndipo kwa mtsikana ngakhalenso mnyamata, musamalumikize masewera ndi kunenepa kapena maonekedwe. Mufunseni mmene akumvera akamaliza, osati kuti watsika makilogalamu angati.

Ena amapitirira muyeso. Mukaona mwana akuchita masewera ngakhale wavulala, akudziimba mlandu kwambiri akadumphitsa tsiku, akudzimana chakudya, akuwonda mofulumira, kapena mtsikana wasiya kusamba kwa miyezi ingapo, apo masewera asanduka mbali ya vuto ndipo akufunika kuonana ndi dokotala.

Masewera salowa m'malo mwa chithandizo. Ngati mwana wakhala wosasangalala pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena kuposa, wasiya zimene ankakonda, sakudya kapena sakugona bwino, pitani naye kuchipatala kapena kwa mlangizi wa za maganizo, uku mukupitiriza maulendo anu a mphindi 10 aja. Akanena zodzivulaza kapena zoti moyo wamutopetsa, musamusiye yekha, chotsani pafupi mankhwala ndi zinthu zoopsa, ndipo mupite naye kwa achipatala tsiku lomwelo.