Kuphunzitsa atsogoleri a mzikiti: kusankha anthu, maphunziro ndi kusunga amana

Abu Dharr, mmodzi wa otsatira oyamba a Chisilamu, atapempha udindo, Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anamuuza kuti ndi wofooka ndipo udindo ndi amana, ndiko kuti chinthu chosungitsa chimene munthu adzafunsidwa tsiku la Qiyama. Choncho yambani ndi kusankha bwino. Musatenge amene akudzikankhira yekha patsogolo. Funsani akuluakulu a mzikiti kuti ndani sajomba Swala ya Fajr (ya m'bandakucha), ndani akabwereka amabweza, ndani amapezeka pa maliro osaitanidwa. Anthu 8 mpaka 12 akwanira, chifukwa akachuluka mphunzitsi sangamve kawerengedwe ka aliyense. Amayi akhalemo, pakuti ndi iwo amene amasambitsa maliro a akazi komanso kumva madandaulo amene akazi sangauze Imamu.

Maphunziro ayende pang'onopang'ono. Mtumiki potumiza wotsatira wake Mu'adh ibn Jabal ku Yemen anamuuza kuti ayambe ndi Shahada (kuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa wina koma Allah ndipo Muhammad ndi Mtumiki wake), anthu akavomera awauze za Swala zisanu, kenako Zakaat (chopereka chokakamizidwa cha pa chuma). Miyezi itatu yoyamba ikhale ya Qur'an, twahara (kudziyeretsa) ndi Swala. Aliyense awerenge Fatiha mopanda cholakwa ndipo aloweze masura a juzu ya 30 (gawo lomaliza la Qur'an), amene alipo 37, mphunzitsi akumukonza katchulidwe. Adziwe chochita Imamu akaiwala rakaa (chigawo cha Swala) ndi mmene sijida ya kuiwala imachitikira. Achinyamata amene angoloweza kumene amakonda kutalikitsa Swala. Akumbutseni kuti Mu'adh yemweyo anadzudzulidwa pa zimenezi, popeza kumbuyo kwa Imamu kumakhala okalamba, odwala ndi anthu othamangira ntchito.

Khutba (ulaliki wa Ijumaa) ophunzira asayambire pa mimbari. Ayeserere pamaso pa anzake: mutu umodzi, ayah imodzi kapena ziwiri, hadith imodzi imene waiona yekha m'buku lodalirika, mphindi 15 zisapitirire. Hadith zongomva pa WhatsApp zisalowe.

Gawo la ndalama lipatseni nthawi yochuluka, chifukwa apa ndi pamene atsogoleri abwino ambiri amagwera, kawirikawiri osati chifukwa cha kuba koma kusalemba. Zakaat ili ndi magulu asanu ndi atatu olandira, otchulidwa mu Surat Tawba ayah 60. Zakaat ndi 2.5 peresenti ya chuma chimene chafika pa nisab, mlingo woyambira kupereka, umene ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena 595 a siliva, ndipo chatha chaka chathunthu cha kalendala ya Chisilamu chili m'manja mwa mwini. Ophunzira awerengere zitsanzo papepala mpaka azolowere. Zakaat ikhale ndi kaundula wake, sadaka wake, ndalama zomangira mzikiti wakenso. Zikasakanizidwa, ndalama ya osauka imakagula simenti osadziwa aliyense. Zopereka za Ijumaa aziwerenga anthu awiri kapena atatu pamodzi, asayine onse, ndipo mwezi uliwonse lipoti liwerengedwe pagulu. Ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an, Baqara 282, ikunena za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Aphunzirenso nkhani ya Ibn al-Lutbiyya, wosonkhanitsa Zakaat amene anabwera nati izi ndi zanu, izi ndapatsidwa mphatso. Mtumiki anafunsa kuti akanakhala kunyumba kwa makolo ake mphatsoyo ikanamupeza? Mtsogoleri asalandire mphatso yobwera chifukwa cha mpando.

Pa kuyanjanitsa anthu, gwiritsani ntchito masewero: awiri akhale banja lokangana, wachitatu aweruze, ena aone. Woweruza asagamule atamva mbali imodzi, monga Surat Hujurat ayah 6 ikulamula kufufuza nkhani. Banja likafika povuta, Surat Nisa ayah 35 ikunena zotenga mkhalapakati mmodzi kuchimuna, wina kuchikazi. Zimene wamva asauze ngakhale mkazi wake. Chinsinsi chikatuluka kamodzi, anthu sabweranso. Adziwenso malire ake. Talaka (kusudzulana) ndi kugawa chuma cha masiye azipititsa kwa Shehe wodziwa fiqh (malamulo a Chisilamu), ndipo kumenyedwa kwa mkazi kapena nkhanza kwa mwana si nkhani zobisa mu mzikiti, zikafike kwa achitetezo. Kunena kuti "sindikudziwa, ndikafunsa" kuphunzitsidwe ngati phunziro palokha.

Shura, ndiko kuti kukambirana musanapange chiganizo, nayo iphunzitsidwe poichita. Ophunzira azisinthana kutsogolera msonkhano, wotsogolera alankhule pomaliza, ndipo zogwirizana zilembedwe pamodzi ndi dzina la wozichita ndi tsiku lomalizira.

Satifiketi isaperekedwe m'kalasi mukangotha. Aliyense akhale miyezi isanu ndi umodzi pansi pa Imamu wokhazikika: atsogolere Swala, apereke khutba zosachepera zinayi, athandize pa jeneza (maliro) ndi nikah (ukwati), asunge kaundula mwezi umodzi. Pomaliza funsani anthu a mzikitiwo, makamaka okalamba ndi amayi amasiye, ngati anawayendera ndi kuwamvetsera.