Maamplifaya akale a mavalavu: kodi awiri a sitiriyo ayenera kufanana?

Amene mwapeza amplifaya yakale ya mavalavu (timachubu tagalasi tokweza mawu), yoyendetsa sipika imodzi yokha, ndipo mukusaka inzake kuti muzimvera nyimbo pa sitiriyo, mudzakumana ndi ogulitsa okuuzani kuti awiri abwino ndi okhawo a manambala a kufakitale otsatizana. Mtengo amaukweza pa chifukwa chomwecho. Langizo langa ndi lakuti ndalama imeneyo muisunge, mukaipereke kwa mmisiri. Kufanana kumafunikadi, koma sikuli pa nambala.

Maamplifaya ambiri otchukawa anapangidwa sitiriyo isanafale, ndipo ankagulitsidwa imodziimodzi. Quad II ya Peter Walker, woyambitsa kampani ya Quad, inatuluka ku Huntingdon, ku England, mu 1953, ya mawati 15. McIntosh MC30 ya ku America inabwera mu 1954, Dynaco Mark III mu 1957. Zimbale za sitiriyo zinayamba kufala mu 1958, ndipo mu 1959 a Quad anatulutsa Quad 22, chowongolera mawu choyendetsa ma Quad II awiri pamodzi. Munthu amene anali kale ndi imodzi ankangogula yachiwiri n'kuiika pambali pa yakaleyo, ngakhale zitasiyana zaka zingapo. Zili ngati ng'ombe za pangolo: sitifunsa ngati zinabadwa kwa mayi mmodzi, timaona ngati zikukoka mofanana.

Choyamba, zikhale za mtundu umodzi. Kuika Quad II kumanzere ndi Leak TL/12 Plus kumanja n'kudziputira ntchito. Quad II imafuna mavoti pafupifupi 1.4 kuchokera ku chowongolera kuti itulutse mphamvu yake yonse, pamene Leak imakhutira ndi kagawo kochepa chabe ka voti imodzi, choncho mbali ya Leak idzafuula inayo ikunong'ona. Mungachepetse mbali yofuulayo, komabe kamvekedwe ka bezi ndi ka mawu okwera sikadzagwirizana chifukwa mathiransifoma ake ndi osiyana. Palinso mitundu ina imene imatembenuza mafunde a mawu, moti sipika ina ikamakankha mpweya inzake imakoka. Zikatero bezi imazimiririka, woimba osadziwika pamene waima. Vuto limeneli limatha posinthanitsa mawaya awiri kumbuyo kwa sipika imodzi yokha.

Ngakhale a mtundu umodzi, yang'anani kuti onse akonzedwera sipika za maohm ofanana (muyeso wa mmene chipangizo chimakanizira magetsi). Quad II imatha kulumikizidwa mkati mwake kuti iyendere maohm 7 kapena 15, ndipo pa zaka zonsezi eni ake akale angakhale atasintha imodzi, ina ayi.

Pamene pagona nkhani ndi pa ukalamba wa zam'kati. Kukweza kwa amplifaya yotere kumalamulidwa makamaka ndi maresistor (tizipangizo tochepetsa magetsi odutsa) ochepa amene amabweza gawo la mawu otuluka kupita koyambira, kuposa mmene mavalavu amakulamulirira. Maresistor akale a kaboni amasintha ndi zaka ndi kutentha, nthawi zambiri maohm ake amakwera, ndipo sakwera mofanana m'mabokosi awiri. Amplifaya imene inkayaka tsiku ndi tsiku pabalaza ndi ina imene inagona m'chipinda chachinyezi sizingamveke chimodzimodzi, manambala atsatizane chotani. Macapacitor (tizipangizo tosunga magetsi) olumikiza gawo lina ndi linzake nawo akakalamba amayamba kudutsitsa magetsi osayenera kudutsa. Mukathima nyale n'kuona chitsulo cha mkati mwa valavu yaikulu chikufiira ngati khala, osati kuwala kochepa kwa pakati kuja, thimitsani nthawi yomweyo. Mukazengereza mudzapsetsa thiransifoma, ndipo chimenecho ndicho chipangizo chovuta kupeza pa zonse.

N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti maamplifaya onse awiri apite kwa mmisiri mmodzi, nthawi imodzi, ndipo chimene wasintha m'bokosi lina asinthenso m'linzake ndi chipangizo cha mtundu womwewo. Kukonzetsa imodzi chaka chino, ina idzaona m'tsogolo, ndiko kumabala sitiriyo yopendekeka.

Nanga mavalavu? Apa ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Mavalavu aakulu awiri a m'bokosi limodzi, monga ma KT66 a mu Quad II, amagwira ntchito molandizana, ina kukankha ina kukoka, ndipo amenewa ayenera kuyezedwa kuti azikoka magetsi mofanana. Mu Quad II awiriwo amagawana resistor imodzi ya maohm 180, ndiye ina ikakhala yamphamvu imalanda gawo la inzake n'kumatentha mopitirira, kung'ung'udza kumachuluka, bezi n'kumanyenyeka. Koma kuti onse anayi a mabokosi awiri akhale oyezedwa pamodzi, n'zabwino mukawapeza, si zokakamiza. Chofunika n'chakuti mbali zonse zikhale ndi mtundu umodzi ndiponso zisasiyane kwambiri pa kutha kwake. Musaike KT66 uku, 6L6 uko, ngakhale miyendo yake imalowa m'mabowo omwewo.

Kuyesa n'kosavuta. Ikani nyimbo ya mono (yotuluka mofanana mbali zonse ziwiri) kapena munthu wolankhula, khalani pakatikati pa masipika. Mawu ayenera kumveka ngati akuchokera malo amodzi pakati. Akapendekera kumanzere, thimitsani, musinthanitse maamplifaya osasuntha masipika. Kupendekako kukasamukira kumanja, vuto lili mu amplifaya. Kukakhala pomwepo, fufuzani sipika, chowongolera kapena chipindacho, pakuti khoma ndi kabati zimakokanso mawu.

Amene muli ndi mita yoyezera magetsi, dikirani zitenthe mphindi 20, mulowetse kulira kwa 400 Hz kuchokera pa foni m'maamplifaya onse mofanana, muyeze mavoti a AC pa mawaya a sipika. Ina ikasonyeza mavoti 2.0, inzake ikhale pakati pa 1.9 ndi 2.1, ndiko kusiyana kosapitirira theka la desibelo, muyeso wa kukwera kwa mawu. Desibelo imodzi ndi pafupifupi 12 pa 100 ya mavoti, ndipo pamenepo khutu latcheru limayamba kumva woimba atasuntha. Kusiyana kochepa kumakonzeka ndi batani la balansi. Kukakula, musabise ndi batani, pali chimene chatha mkatimo.

Chonde, pa zoopsa musachite chibwana. Mkati mwa zipangizozi mumayenda mavoti oposa 300, ndipo macapacitor aakulu amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi, choncho kutsegula pansi kusiyireni wodziwa. Musayatse amplifaya ya mavalavu popanda sipika yolumikizidwa, thiransifoma imawonongeka. Magetsi a ku Malawi ndi Zambia ndi mavoti 230: pa amplifaya ya ku Britain onetsetsani kuti chosankhira mavoti chaikidwa pa nambala yoyenera ndiponso yofanana pa mabokosi onse awiri, ya ku America ya mavoti 117 imafuna thiransifoma yotsitsa magetsi. Amplifaya imene yagona zaka zambiri musangoibaya pakhoma. Mmisiri ayambe kuiyatsa kudzera mu babu la mtundu wakale lija la waya mkati, kuti ngati muli chofupikitsa magetsi babulo liwale kwambiri n'kuchenjeza thiransifoma isanapse.