Olemba zilembo zokongoletsa amene mwachitidwa opaleshoni, musakhale pa tebulo tsiku lonse

Nyengo ino ndaona anthu angapo amene angotuluka m'chipatala atachitidwa opaleshoni ya m'mimba kapena ya mwendo akuyamba kuphunzira kulemba zilembo zokongoletsa ndi kupanga timabuku ta mavesi topaka utoto ndi golide. Ntchitoyi ndi yabwino kwa wochira chifukwa safunika kunyamula zolemera. Vuto ndi lakuti ambiri akukhala pa tebulo lathyathyathya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, atawerama, poganiza kuti malinga ali pampando ndiye kuti akupumula.

Munthu wochitidwa opaleshoni magazi ake amaundana mosavuta m'mitsempha ya m'miyendo kwa milungu ingapo, ndipo kukhala malo amodzi maondo atapindika kumachedwetsa magaziwo kubwerera kumtima. Chibuma cha magazi chikathothoka n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo, munthu angathe kufa ngakhale bala lake linali kupola bwino. Kuwerama nakonso kumapanikiza bala la pamimba ndipo kumachititsa munthu kupuma mosafikitsa mpweya pansi, chonsecho anamwino anamuuza kuti azikoka mpweya wambiri pofuna kupewa chibayo. Ngakhale tsamba lenilenilo limawonongeka, pakuti dzanja lotopa silisunganso kapendekedwe ka nsonga ya cholembera, ndipo mizere ya madzulo siifanana ndi ya m'mawa.

Chimene chimanditopetsa ndi chizolowezi chakale chakuti wodwala asasunthe mpaka ulusi utachotsedwa. Achibale amamubweretsera phala ndi madzi pomwepo, n'kumamukalipira akafuna kuimirira. Mlimi wina wa fodya amene anachitidwa opaleshoni ya chophukacho anandifotokozera kuti ankakongoletsa chilembo choyamba cha Salimo 23 ndipo anakana kudzuka mpaka atamaliza, chifukwa iye sasiya mzere wa m'munda pakati. Katumba wa mwendo umodzi anatupa n'kuyamba kutentha, ndipo anabwerera kuchipatala, salimolo lisanathe.

Alembi akale a ku Ulaya sankalembera pathyathyathya. Zithunzi za m'mipukutu yawo zimawaonetsa atakhala pa madesiki opendekeka, ndipo kupendekekako kumawongola msana komanso kumachititsa inki kutsika pang'onopang'ono kuchoka pa cholembera cha nthenga. Buku la Kells, buku lokongoletsedwa la Mauthenga Abwino anayi limene amonke analilemba pamanja cha m'ma 800 ndipo likusungidwa ku Trinity College mumzinda wa Dublin, lili ndi masamba 340 a zikopa za matole, ndipo akatswiri amaonamo zolemba za anthu angapo. Ngati amonke athanzi ankagawana ntchito yotere, munthu wa bala losokedwa akuthamangira chiyani?

Zochita zake n'zosavuta. Tsamiritsani thabwa pa mabuku awiri kapena atatu kuti lipendekeke madigiri 30 mpaka 45, ndipo wina akunyamulireni thabwalo. Lembani kwa mphindi 20 kapena 30, kenako imirirani muyendeko pabwalo inki ikuuma. Muli chikhalire, muzigwedeza mapazi ndipo musapingase miyendo. Golide amaikidwa utoto usanapakidwe ndipo amafuna kumukhutiza mwamphamvu kuti awale, choncho ntchito imeneyo idikire mpaka dokotala atavomereza. Mwendo umodzi ukatupa kapena kupweteka, kapenanso mukayamba kubanika ndi kumva kuwawa pachifuwa, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.