Mlendo akafika mphika uli pamoto

Kuno ku Kasungu, msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, alendo amachuluka pakhomo. Wina akudikira ndalama za mabelo ake, wina wangoti ndikawaone amalume. Ambiri amafika nsima ikuomoledwa.

Musamufunse mlendo kuti, "Mudya?" Munthu wamanyazi ayankha kuti wakhuta, chonsecho sanalawe kanthu chichokereni kwawo. Ingobweretsani madzi osamba m'manja basi, kuyambira kwa wamkulu. Funso loyenera ndi lakuti, "Kodi pali chimene simudya?" ndipo lifunsidwe ndiwo zisanafike pamphasa. A Seventh Day sadya nkhumba kapena mlamba, Asilamu nawonso nkhumba ayi, ndipo achikulire ambiri a BP anawaletsa mchere wambiri kuchipatala. Munthu akakankha mbale yoikidwa kale, manyazi amagwira mlendo ndi mwini nyumba yemwe.

Ndiwo zikachepa, nsinjiro zimathandiza kwambiri. Muzisunga m'chitini chotseka bwino, pafupi ndi mfutso wa nkhwani ndi kausipa kouma. Masamba otendera amakwanira anthu ambiri, ndipo palibe amene amawerenga nthuli.

Koma chonde, musatume mwana kuokala mlendo akumva, makamaka ngati uthenga wake ndi wakuti, "Ukawauze kuti mazirawo tidzalipira Lachisanu." Muitanireni kuseri kwa nyumba. Anawo muwalangizenso mbale zisanatuluke, chifukwa ndi iwowo amene amafunsa mokweza kuti, "Amayi, alendowa akadya nthuli ziwiri, ife titsala ndi chiyani?"