Vinyo Wofiira wa Thovu: Kasungidwe, Katsegulidwe ndi Zakudya Zoyenda Naye

Werengani pepalali musanatsegule botolo.

Vinyo amene mwagulayu ndi Lambrusco, wocokera kumpoto kwa Italy, m'cigawo ca Emilia-Romagna, makamaka m'minda yozungulira mizinda ya Modena, Reggio Emilia ndi Parma. Dzinali ndi la mphesa zimene amapangira vinyoyo. Eni ake amamumwa pa cakudya ca masiku onse, masana ndi madzulo, ndipo cakudya ca kumeneko n'camafuta ndiponso camcere: soseji ya mortadella, nyama ya nkhumba youmika ya ku Parma, chizi ya Parmigiano Reggiano, lasagne, ndi zampone, umene ndi mwendo wa nkhumba wopakiramo nyama yogaya. Vinyoyu ali ndi mpweya ndi kawawasu, ndipo ziwirizi zimatsuka mafuta m'kamwa kuti nthongo yotsatira ikome monga yoyamba. Conde musamuwononge pomukhuchumula ndi kuwaza anthu pa phwando. Muikeni pathebulo pamodzi ndi ndiwo.

Onani zolembedwa pabotolo

Ambiri amene amati Lambrusco sanawakomere anagula wotsekemera n'kumwera nyama, kapena wosatsekemera n'kumwera keke. Pabotolo pali liwu la Citaliyana limene likuuzani kuculuka kwa shuga. Secco ndi wosatsekemera, ndipo shuga wake sapitirira magalamu 15 pa lita. Semisecco kapena abboccato ali ndi kashuga kongomveka patali. Amabile ndi wotsekemera ndithu, pamene dolce ndiye wotsekemera koposa, wa shuga wopitirira magalamu 45 pa lita. Wosatsekemera amakhala ndi mowa wa maperesenti pafupifupi 11, ndipo otsekemera ambiri ali ndi maperesenti 8 kapena kucepera.

Mukaona frizzante, dziwani kuti mpweya wake ndi wofatsa. Spumante ali ndi mpweya wamphamvu, cotsekera cake cimatha kuuluka. Pa mabotolo a spumante samalani ndi mawu akuti dry ndi extra dry, pakuti onsewa ali ndi shuga woposa wa brut, amene ndiye wosatsekemera.

Dzina la dera nalo lili ndi nchito. Lambrusco di Sorbara ndi wofiirira mombuwa, wopepuka, wowawasa kwambiri. Grasparossa di Castelvetro ndi wofiira moderako, wolemera, ndipo amaumitsa m'kamwa ngati tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa m'ketulo. Salamino di Santa Croce ali pakati pa awiriwa. Ngati m'nyumba muli anthu okonda zosiyanasiyana ndipo mufuna botolo limodzi cabe, Salamino wa secco sakhumudwitsa.

Kuziziritsa

Mwina munamva kuti vinyo wofiira saikidwa mufiriji. Lamulo limenelo silikhudza vinyo uyu, ndipo kuno kwathu, kumene kutentha kwa mu Okutobala kumapitirira madigiri 30, n'lopweteketsa. Vinyo wa thovu akafunda, mpweya umathawa msanga, thovu limasefukira potsegula, ndipo cimene cimatsala m'kamwa ndi fungo la mowa lokha.

Wa secco amwedwe pa madigiri 12 mpaka 14, wotsekemera pa 8 mpaka 10. Ikani botolo mufiriji maola atatu, ndipo wa secco mumutulutse mphindi 15 cakudya cisanafike pathebulo, cifukwa akazizira kopitirira, kuumitsa m'kamwa kuja kumakula ndipo fungo la zipatso limabisala. Malaiti akapita, thirani madzi ndi aisi mofanana m'baketi, mumizemo botolo mpaka m'khosi kwa theka la ola. Aisi wopanda madzi amacedwa kuziziritsa. Mufiriza musaikemo: vinyo akauma amafufuma, botolo n'kusweka.

Kutsegula

Ngati botolo labwera pa galimoto ndipo lakhuchumuka m'njira, lisiyeni lipume maola angapo. Cotsani pepala lonyezimira la pakamwa. Ikani cala cacikulu pamwamba pa cotsekera ndipo musacicotsepo pamene mumasula kawaya. Pendeketsani botolo, kukamwa kwake kuloze kumene kulibe munthu, mwana, windo kapena babu. Dzanja limodzi ligwire cotsekera zolimba, lina lizungulitse botolo pang'onopang'ono kucokera kumatako, mpaka mpweya utuluke mwakacetecete. Cotsekera couluka cimatha kuphulitsa diso. Musacikanule ndi mpeni kapena mano. Mabotolo ena a frizzante ali ndi cotsekera copotokola ndi dzanja. Amenewo atseguleni pang'ono, mudikire mpweya utsike, kenaka mutsirize.

Thirani m'galasi la vinyo lotakasuka pakati, lopendeketsa, osadzaza. Botolo la mamililita 750 limakwana magalasi 6 a mamililita 125. Thovu lake ndi lofiirira ndipo limadetsa nsalu, conco citenge ca bwino cikhale patali.

Zakudya

Nsima payokha silimbana ndi vinyo aliyense. Cimene muyenera kuyang'ana ndi ndiwo: mafuta ake, mcere wake, tsabola wake.

Nyama yoocha pa mbaula ndiyo bwenzi lenileni la vinyoyu. Michopo ya mbuzi, nthiti za nkhumba, T-bone, soseji ya boerewors kapena ya Hungarian, zonsezi zimafuna secco, ndipo Grasparossa ndiye woyamba. Mafuta ndi mcere wa nyama zimafewetsa kuuma kwa vinyo, vinyo nayenso amapungula kulemera kwa mafuta, ndipo kautsi ka makala kamagwirizana ndi fungo lake la zipatso zakuda. Amene anazolowera mowa wa lager pa braai ayese kamodzi kusinthanitsa. Adzaona kuti nchito imene lager amagwira yotsuka m'kamwa, vinyoyu amaigwiranso, n'kuwonjezapo kukoma kwa mphesa.

Vimbombo, mcira wa ng'ombe ndi zam'kati zophikidwa nthawi yaitali zili ndi msuzi wonanda umene umamata milomo. Apa m'pamene vinyo wa thovu amaposa vinyo wofiira wamba. Anthu a ku Modena amamwera Lambrusco mwendo wa nkhumba uja pa cifukwa comweci, ndipo ife tiona kuti mbale ya vimbombo ndi nsima yotentha ndiyo njira yabwino koposa yomudziwira vinyoyu kuno. Nkhuku ya kumudzi ya msuzi wa matimati ndi anyezi imakonda Salamino kapena Sorbara, pakuti matimati ndi owawasa ndipo amafuna vinyo wowawasa mofanana nawo. Vinyo wopanda kawawasu akakumana ndi matimati amamveka ngati madzi.

Cikanda cimayenda bwino ndi secco wozizira, makamaka monga cotsegulira alendo akali kudikira cakudya. Cimodzimodzi nshawa zokazinga zamcere, cinangwa cooca, inswa ndi vinkubala zokazinga mouma. Ndiwo zamasamba zotendera, kaya cibwabwa kaya kalembula, zili ndi mafuta a nshawa ndi kakutsekemera kake, ndiye semisecco amazikhala bwino kuposa Grasparossa. Nyemba zophikira pamodzi ndi nyama sizivuta. Pizza, spaghetti ya nyama yogaya ndi chizi colimba n'zakwawo kwa vinyoyu, simungalakwitse.

Tsabola asinthe cosankha canu. Mowa umakoleza moto wa tsabola pa lilime, ndipo vinyo woumitsa m'kamwa amaukoleza kowirikiza. Shuga ndi kuzizira zimauziziritsa. Cotero ngati nkhuku yathiridwa piri-piri wambiri, kapena mwaphika curry wa Cimwenye woyabwa, tengani amabile wa mowa wocepa, wozizira bwino.

Pa nsomba cenjerani. Vinyo wofiira moderako akakumana ndi mafuta a nsomba amasiya kakomedwe ka citsulo m'kamwa, ndipo kapenta wouma ndi nsomba zofutsa pa utsi zimaonetsa vutoli kwambiri. Ngati cakudya ndi bream ya ku Kariba kapena buka-buka yokazinga, Sorbara yekha ndiye angayese, popeza ndi wopepuka ndipo kawawasu kake kamagwira nchito ya ndimu. Delele wa soda ndi impwa zowawa sitikulangizani kumwera vinyoyu; kuwawa kwa impwa kumakula, ndipo delele amaphimba kukoma konse.

Zotsekemera zili ndi lamulo limodzi: vinyo atsekemere kuposa cimene mukudya. Secco pambali pa keke ya ukwati amamveka ngati viniga. Pa keke, mabisiketi, vitumbuwa kapena zipatso, tsegulani dolce.

Mpweya wa vinyoyu pamodzi ndi nsima zimakhutitsa msanga, ndiye imwani pang'onopang'ono, ndipo pathebulo pakhale madzi akumwa.

Mukapeza vinyo wina wa mtunduwu

Si vinyo wofiira wa thovu aliyense amene ali Lambrusco. Brachetto d'Acqui wa ku Piedmont, ku Italy komweko, ndi wotsekemera, wonunkhira ngati sitiroberi ndi maluwa a rozi, wa mowa wa maperesenti 5 mpaka 6. Malo ake ndi pa cokoleti ndi zipatso, pa nyama ayi. Sparkling Shiraz wa ku Australia ndi wakuda, wolemera, wa mowa wofika maperesenti 13 kapena 14, ndipo mpweya wake ndi wamphamvu monga wa Champagne. Kwawoko amamumwa pa Khrisimasi ndi nkhukundembo ndi hamu. Kuno angayende ndi bakha, nyama ya ng'ombe yoocha kapena nkhumba yopakidwa zotsekemera. Potsegula ameneyu samalani kowirikiza.

Kusunga

Lambrusco sakoma ndi kukalamba. Mumweni m'caka cimodzi kapena ziwiri kucokera pa caka colembedwa pabotolo. Botolo losatsegula likhale pamalo amdima ndi ozizirirapo, kutali ndi sitovu, windo ndi denga la malata. M'buti ya galimoto yoima padzuwa limawonongeka tsiku limodzi. Lotsegula litsekeni ndi cotsekera ca vinyo wa thovu cogwira m'khosi mwa botolo, muliimike mufiriji, ndipo mulitsirize mawa lake kapena mkuja. Kuika sipuni pakamwa pa botolo sikusunga mpweya. Wotsala amene mpweya wamuthera, ngati ndi secco, thirani mumphika wa nyama ya ng'ombe.

Cenjezo

Vinyoyu ndi mowa. Malamulo a Zambia salola kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo mtundu wake ndi kutsekemera kwake zimakopa ana, conco musamusiye pamene angafikire. Wotsekemera amatsika ngati cakumwa cozizilitsa kukhosi, koma amaledzeretsa. Mukamwa musayendetse galimoto, njinga yamoto kapena makina. Amayi apakati asamwe. Ngati mukumwa mankhwala, makamaka a TB, a khunyu, ogonetsa kapena metronidazole, funsani kucipatala musanalawe. Odwala matenda a shuga apewe amabile ndi dolce. M'vinyomu muli ma sulphite, mankhwala oteteza vinyo kuti asawonongeke, amene amavutitsa anthu ena a mphumu. Botolo likakhala long'aluka, lodontha, kapena cotsekera cake catukuka, musalitsegule. Libwezeni kumene munagula.