Mmene mungamangire chipinda cha maseva ku Mzuzu chomwe sichigona magetsi akazima

Mizinda yomwe makampani akuluakulu a intaneti amaikako malo awo osungira deta mu Africa ndi yowerengeka. Microsoft inatsegula ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon inatsatira ku Cape Town mu 2020, Google inafika ku Johannesburg mu 2024, ndipo Nairobi ndi Lagos akukula msanga. Maiko amenewa ali ndi gombe pomwe mawaya a pansi pa nyanja amatulukira, komanso mabanki ndi makampani ambiri ogula malo. Malawi alibe gombe. Intaneti yathu imalowa kudzera ku Tanzania, Mozambique ndi Zambia, choncho amene akulonjeza kuti Mzuzu ipikisana ndi Johannesburg akungosangalatsa anthu.

Ntchito yomwe Mzuzu ingagwire bwino ndi ina: kukhala malo achiwiri osungirako deta ya mabungwe omwe maseva awo ali ku Blantyre ndi Lilongwe. Malo osungira deta a boma anatsegulidwa ku Blantyre mu 2022, ndipo mabanki ambiri ali komweko. Namondwe Freddy atagunda Blantyre mu Malichi 2023, aliyense anaona kuopsa kosunga zonse mumzinda umodzi. Mzuzu ili makilomita oposa 600 kuchokera ku Blantyre, ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kotero ndi yozizira, ndipo faiba (waya wa intaneti wotumiza deta ndi kuwala) yochokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe ndi Karonga imadutsa kuno. Koma samalani ndi mfundo imodzi: magetsi ambiri a kuno amachokera kumtsinje wa Shire womwe umapatsanso Blantyre magetsi, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka ndipo mdima unafika mpaka kumpoto. Malo achiwiri odalira ESCOM yokha amazima tsiku limodzi ndi malo oyamba.

Zomwe zikutsatirazi ndi za chipinda chaching'ono cha ma rack (makabati achitsulo oikamo maseva) awiri, maseva odya 8 kW onse pamodzi. Ngati chanu ndi chachikulu, kawerengedwe kake ndi komweko.

Werengani mphamvu musanagule kanthu

Nambala yolembedwa kumbuyo kwa seva si mphamvu yomwe imadya tsiku ndi tsiku. Seva yolembedwa 750 W nthawi zambiri imadya theka lake kapena kuchepera. Yezani ndi mita pa maseva omwe muli nawo kale kwa sabata yathunthu, kuphatikizapo masiku a kumapeto kwa mwezi pomwe ntchito ya malipiro imachuluka, kenako onjezani gawo limodzi mwa magawo anayi kuti mudzakhale ndi pokulira. Mukangophatikiza manambala a pa zilembo mudzagula jenereta yaikulu kawiri kuposa yofunika, ndipo vuto la jenereta yotero tilifotokoza m'munsimu.

Magetsi onse omwe seva yadya amasanduka kutentha. Pa 8 kW ya maseva onjezani pafupifupi 1.5 kW yotayika mu UPS (chipangizo cha mabatire chogwirizira magetsi akazima), mababu ndi kutentha kolowa m'makoma. Zikukwana 9.5 kW zoti muziziritse. Ma AC amadya pafupifupi 3.5 kW pa ntchito imeneyo. Chipinda chonse chikufuna 13 kW, usana ndi usiku, kutanthauza ma kWh oposa 300 pa tsiku. Sungani nambala imeneyi pamtima.

Malo

Pewani malo otsika a m'mbali mwa madambo ndi mtsinje wa Lunyangwa, ndipo chipinda chisakhale pansi pa bafa, thanki ya madzi kapena pomwe malata akumanirana. Mvula ya ku Mzuzu imachedwa kuleka, denga lodontha pang'ono limaonekera mu Epulo. Mawindo atsekeni ndi njerwa. Ma rack amangeni ndi mabawuti pansi pa simenti, chifukwa chigawo chino chimagwedezeka: zivomezi za ku Karonga za Disembala 2009 si nkhani yakale kwambiri. Pobowola mawaya paliponse matani ndi zomatira zosapsa, apo ayi makoswe ndi nyerere zilowa, ndipo khoswe amatafuna mawaya, ngakhale a faiba.

Magetsi: apa ndi pomwe ndalama zambiri zipite

Mzuzu ili kutali ndi kopangira magetsi, kotero kupatula kuzima, mphamvu imatsika ndi kukwera. Pemphani ESCOM magetsi a mafezi atatu, 400 V, ndipo wolumikiza akhale ndi chiphaso cha MERA. Dongosolo lake likhale ili: magetsi a ESCOM ndi a jenereta akumane pa switchi yosintha yokha, ATS, kuchokera apo apite ku UPS, kenako ku ma rack.

UPS ikhale ya mtundu wa online, yomwe imasandutsa magetsi kukhala a batire ndi kuwabweza nthawi zonse, kotero seva sikumva kanthu mphamvu ikagwedezeka. Zotchipa zija za mu ofesi zimadikira magetsi azime kaye ndiye nkusintha, ndipo mphamvu ikamangotsikatsika zimathamangira ku batire kambirimbiri mpaka batire kufa pasanathe chaka. Gulani ziwiri za 15 kVA, iliyonse yokwanitsa kunyamula chipinda chonse yokha. Seva yabwino imakhala ndi polowera magetsi pawiri: kwina lumikizani ku UPS yoyamba, kwina ku yachiwiri. Cholakwika chofala ndi kulowetsa mawaya onse awiri pa chingwe chimodzi chogawira magetsi chifukwa ndi chomwe chili pafupi. Zikatero UPS yachiwiri ndi chokongoletsera chabe.

Mabatire akwane mphindi 15. Ntchito yawo ndi kugwirizira pomwe jenereta ikuyaka, zomwe zimatenga masekondi 10 mpaka 30, ndi kupatsa maseva nthawi yozima mwadongosolo jenereta ikakana. Mabatire a lead-acid amafuna 25°C kapena kutsika pang'ono, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 moyo wawo umadulidwa pakati. A lithium a mtundu wa LiFePO4 ndi odula pogula, koma amapirira kuzimazima kwa tsiku ndi tsiku, ndipo m'dziko lomwe magetsi amatha kuzima maola ambiri pa sabata ndi omwe timalangiza.

Jenereta ya dizilo ya 25 mpaka 30 kVA ikwanira. Kusiyana kwa 13 kW ndi nambala imeneyi kuli ndi zifukwa zake: AC ikamayamba imakoka mphamvu yochuluka kangapo, UPS imafuna kudzazanso mabatire nthawi yomweyo, ndipo pamtunda ngati wa Mzuzu mpweya ndi wopepuka, injini sifikitsa mphamvu yonse yolembedwa. Funsani wogulitsa akuonetseni tebulo la wopanga losonyeza mphamvu pa mamita 1,250. Musapitirire nkugula ya 100 kVA poganiza kuti kukula ndi chitetezo. Injini ya dizilo ikamanyamula zosakwana 30 peresenti ya mphamvu yake sitentha mokwanira, mafuta sapsa onse, ndipo mwaye wonyowa umadzaza mu ekizosi mpaka injini kufooka.

Pa 13 kW jenereta imamwa malita pafupifupi 4 pa ola. Masiku atatu ndi malita 300. Mafuta akasowa m'dziko muno mizere ya pa filingi sidziwa kuti muli ndi maseva, choncho khalani ndi thanki yanu ndi mgwirizano wolembedwa ndi wogulitsa mafuta, ndipo funsani a MERA za malamulo osungira mafuta musanamange thankiyo. Dizilo wokhalitsa amaonongeka. Usiku wozizira wa kuno umachititsa madzi kundendemera mkati mwa thanki yosadzaza, madziwo amatsikira pansi, tizilombo timaswana pamenepo nkutseka fyuluta. Thanki izikhala yodzaza, muzikhetsa madzi a pansi mwezi ndi mwezi, ndipo dizilo asapitirire miyezi 6 mpaka 12 osagwiritsidwa ntchito. Chomwe chimalepheretsa jenereta kuyaka kawirikawiri ndi kabatire kake koyatsira, choncho kakhale ndi chaja yakeyake. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chotenthetsera madzi a injini chimathandiza kuti iyake kamodzi.

Sola? Ithandiza kuchepetsa dizilo masana, koma kumbukirani ma kWh 300 aja. Kuti dzuwa lokha likwanitse pangafunike mapanelo a pafupifupi 80 kW ndi mulu wa mabatire, ndipo masiku a nkhungu ku Mzuzu ndi ambiri.

Mphenzi nayo imapha zipangizo zambiri. Ikani zotetezera ku mphenzi za Type 1 polowera magetsi m'nyumba ndi za Type 2 pa bokosi la chipinda cha maseva. Earth iyezedwe ndi mita, isapitirire ma ohm 5, ndipo yezani mu Okutobala nthaka itauma, chifukwa nthawi ya mvula nambala imaoneka yabwino monama. Ma rack, jenereta, UPS ndi ma AC zonse zimangidwe ku earth imodzi. Kuchokera ku nyumba ina kufika kuchipinda chino kokani faiba, osati waya wa kopa, popeza kopa amanyamula mphenzi kuilowetsa mu switchi ya netiweki.

Kuziziritsa

Mpweya wolowa kutsogolo kwa seva ukhale pakati pa 18 ndi 27°C. Palibe chifukwa choikira AC pa 16. Pa 23 kapena 24 ndi bwino ndipo magetsi amapulumuka. Mphamvu ya AC imayezedwa mu ma BTU, ndipo kilowati imodzi ndi ma BTU 3,412 pa ola, ndiye 9.5 kW ikufuna ma BTU pafupifupi 32,400. Ikani ma AC atatu a 18,000 BTU, awiri azigwira, imodzi izipuma, ndipo azisinthana sabata ndi sabata. Onetsetsani kuti ndi oyambanso okha magetsi akabwera. AC yodikira munthu adine rimoti yaphetsa maseva ambiri usiku wa Loweruka, chifukwa chipinda chotsekeka cha 8 kW chimafika pa kutentha koopsa m'mphindi zochepa. Ma AC alumikizidwe ku jenereta, osati ku UPS.

Ma rack ayang'ane mbali imodzi, mpweya wozizira kutsogolo, wotentha kumbuyo, ndipo mipata yopanda seva itsekedwe ndi timapuleti kuti wotentha usazungulire nkubwereranso kutsogolo.

Kuzizira kwa Mzuzu kumachepetsadi ntchito ya ma AC, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Koma musatsegule zenera kapena kuika fani yokoka mpweya wapanja mwachindunji. Mpweya wa nkhungu uli ndi chinyezi chambiri, umachititsa dzimbiri pa mabodi, ndipo nthawi yotentha tchire umabwera ndi utsi ndi phulusa. Chinyezi m'chipinda chikhale pakati pa 40 ndi 60 peresenti. Paipi yotayira madzi a AC ipite panja motsetsereka, AC isakhale pamwamba pa rack, ndipo pansi muike kachipangizo kolira madzi akadontha.

Moto uzimitsidwe ndi gasi wosasiya zotsalira monga FM-200 kapena Novec 1230, ndipo pakhomo pakhale chozimitsira cha CO2. Cha ufa chimazimitsa moto nkuononga maseva onse otsala.

Njira ziwiri zenizeni za intaneti

Kugula intaneti ku makampani awiri sikutanthauza kuti muli ndi njira ziwiri. Kawirikawiri wachiwiriyo amabwereka faiba ya woyamba, kapena onse anakumba ngalande imodzi m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo katapila mmodzi wokonza msewu amadula zonse. Pemphani mapu a njira ya waya kuchokera pakhomo panu mpaka potulukira m'dziko. Chabwino ndi njira imodzi yokwiriridwa pansi, ina yoyenda pamwamba pa mapolo a magetsi monga faiba ya ESCOM. Imodzi yolowera kumpoto ku Songwe, ina kummwera ku Lilongwe. Mawayawo alowe m'nyumba mbali zosiyana. Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ndi yabwino ngati njira yachitatu yolowera kukakonza zinthu faiba zonse zikaduka, koma musaisenzetse ntchito yokopera deta tsiku lonse. Funsaninso ngati kampaniyo imalumikizana ndi anzake pa Malawi Internet Exchange ku Blantyre, kuti deta yopita ku Blantyre isazungulire ku Johannesburg.

Mtunda si vuto. Kuwala mu faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi, kotero kupita ku Lilongwe ndi kubwerera ndi mamilisekondi ochepa. Vuto ndi kukula kwa njira: 1 TB pa 100 Mbps imatenga maola 22. Kukopera koyamba chitani pa madisiki otsekedwa ndi encryption (kubisa deta kuti wopanda kiyi asaiwerenge), munthu wodalirika awanyamule pagalimoto, kenako netiweki izingotumiza zosintha za tsiku ndi tsiku. Ngati mukusunga deta ya anthu, lamulo la Data Protection Act la 2024 likukukhudzani, ndipo oyang'anira ake ndi MACRA. Lembani aliyense wolowa m'chipinda, ikani kamera pakhomo, ndipo makiyi asakhale ndi mlonda.

Kuyesa

Mwezi uliwonse, masana a tsiku la ntchito amisiri onse alipo, zimitsani switchi yaikulu ya ESCOM ndi dzanja. Onani ngati UPS yagwira, jenereta yayaka, ATS yasintha, ma AC abwerera, ndipo siyani jenereta inyamule chipinda kwa ola limodzi. Kungoiliza yopanda katundu sikuonetsa kanthu. Miyezi itatu iliyonse zulani faiba imodzi muone ngati inzake yatenga ntchito, ndipo bwezeretsani deta kuchokera pa zomwe munakopera mpaka pulogalamu itatseguka nkugwira ntchito. Zoyezera kutentha, chinyezi ndi mafuta zizitumiza uthenga pa foni za anthu awiri, mmodzi pa TNM wina pa Airtel.

Zipangizo zambiri zosinthira zimachokera ku Lilongwe, Dar es Salaam kapena Johannesburg, ndipo ndalama zakunja zikavuta oda imatha miyezi. Pashelefu pasasowe madisiki awiri a mtundu uliwonse, power supply ya seva, ma SFP (tizipangizo tolumikizira faiba ku switchi ya netiweki), mafyuluta a dizilo ndi oyilo, lamba wa fani ya jenereta, capacitor ya AC ndi batire loyatsira. Amisiri awiri okhala mu Mzuzu momwemo, oti angafike pasanathe theka la ola, aphunzitsidwe jenereta ndi UPS kuwonjezera pa maseva. Achinyamata omaliza za ICT ku Mzuzu University ku Luwinga ndi poyambira pabwino powafunafuna.