Kuzindikira Kukondera kwa Atolankhani pa Misonkho ya Akatswiri a Mpira

Mukamva pa wailesi ku Ulongwe kapena ku Moatize kuti katswiri wa mpira wazemba msonkho, yambani mwafufuza chimene khoti linagamula musanatengeke ndi mawu a mtolankhani. Mu 2016 khoti la ku Spain linagamula kuti Lionel Messi akhale m'ndende miyezi 21 pa mlandu wozemba msonkho, ndipo mu 2019 Cristiano Ronaldo anavomera mlandu wotere n'kulipira mayuro pafupifupi 19 miliyoni, koma onsewa sanalowe m'ndende.

Kenaka yerekezerani mmene nyuzipepala imodzi inalembera za awiriwa, pakuti kukondera kumabisala m'mawu: wina akhoza kutchedwa mbava, mnzake n'kunenedwa kuti anangosocheretsedwa ndi alangizi ake. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa achinyamata athu amangozimeza osazisefa. Fufuzaninso ngati nyuzipepalayo ndi ya ku Madrid kapena ku Barcelona, ndiponso timu imene imaikonda, pakuti Ronaldo anasewererapo timu ya Real Madrid pomwe Messi ankasewerera ya Barcelona.